Charles Steinmetz: Munthu Amene Adaweta Magetsi

Munthu akadina swichi pakhoma, nyali n'kuyaka, kawirikawiri saima kuti aganizire zimene zikuchitika m'waya amene wabisika m'chipupa. Magetsi adazolowereka ngati madzi a pampopi, amene amakumbukiridwa pokhapokha akasiya kutuluka. Komatu m'wayamo mumachitika zodabwitsa. Magetsi ochokera ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira sayenda molunjika mbali imodzi monga achitira madzi a mu Shire amene amawapanga. Iwo amathamangira kutsogolo, n'kubwerera m'mbuyo, n'kupitanso kutsogolo, ndipo ulendo wopita ndi kubwerawu amauchita ka 50 pa sekondi imodzi. Akatswiri amawatcha magetsi oterewa AC, powasiyanitsa ndi a DC, a m'mabatire a tochi, amene amayenda mbali imodzi yokha. Kupanga magetsi a AC sikudavute kwambiri. Chimene chidazunguza mitu ya anthu ophunzira kwa zaka zambiri ndicho kuwerengera khalidwe lake. Mmodzi mwa amene adamasula mfundo imeneyi adali Charles Proteus Steinmetz, munthu amene dziko la America lidatsala pang'ono kumubweza padoko chifukwa cha maonekedwe ake.

Kuti ntchito yake imveke bwino, n'kofunika kuyamba ndi vuto limene lidalipo. M'chaka cha 1882 Thomas Edison adatsegula malo opangira magetsi pa Pearl Street mumzinda wa New York. Magetsi ake adali a DC, a mavolti 110. Adayatsa nyali bwino lomwe, koma sadathe kupita kutali, pakuti waya aliyense amatentha magetsi akamadutsamo, ndipo kutenthako ndi mphamvu yotayika. Kutayikaku kumakula mofulumira zedi: karenti, ndiye kuti kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, ikawonjezeka kawiri, mphamvu yotayika imawonjezeka kanayi. Njira yopewera zimenezi ndiyo kukweza volteji, imene ili ngati mphamvu yokankha magetsi, kuti karenti ichepe. Volteji ikakwezedwa ka 10, karenti yofunika ponyamula mphamvu yomweyo imatsika ka 10, ndipo zotayika zimatsika ka 100. Chida chokwezera ndi kutsitsira volteji mosavuta ndi thiransifoma, koma thiransifoma imagwira ntchito ndi magetsi osinthasintha okha. N'chifukwa chake George Westinghouse adasankha AC, nagula mu 1888 ufulu wogwiritsa ntchito mota ya AC imene adaipanga Nikola Tesla. Mu 1891 akatswiri a ku Germany adatumiza magetsi a AC kuchokera ku Lauffen kukafika ku Frankfurt, mtunda wa makilomita 175. Zidaonekeratu kuti tsogolo lidali la AC.

Tsono apa ndi pamene padagona chovuta. Akatswiri adazolowera lamulo la Georg Ohm la mu 1827, lonena kuti karenti imapezeka pogawa volteji ndi kukana kwa waya, kumene kumayezedwa m'ma ohm. Pa magetsi a DC lamuloli silinama. Koma pa AC makina ankaoneka ngati ali ndi mtima wawo: ena ankatentha mosayembekezeka, ena ankakoka karenti yambiri koma ntchito n'kukhala yochepa. Gwero la zonsezi ndi zinthu zitatu zimene zimapezeka m'njira iliyonse ya magetsi, ndipo chilichonse chili ndi khalidwe lakelake.

Choyamba ndi resisita. Ichi ndi chinthu chilichonse chimene chimakana magetsi n'kusandutsa mphamvu yake kukhala kutentha, monga waya wa mu simbi, mu ketulo kapena m'mbaula yamagetsi. Resisita ilibe chinyengo. Volteji ikakwera, karenti imakwera nthawi yomweyo; volteji ikatembenuka, karenti imatembenukira limodzi. Ziwirizi zimayenda phazi ndi phazi ngati asilikali paperete.

Chachiwiri ndi koyilo, imene m'mabuku a sayansi imatchedwa inductor. Ameneyu ndi waya wokulungidwa kambirimbiri, nthawi zambiri mozungulira chitsulo, monga zilili mu mota ndi mu thiransifoma. Magetsi akamadutsamo, koyilo imasanduka maginito. Michael Faraday ku England mu 1831, ndiponso Joseph Henry ku America pa nyengo yomweyo, adapeza kuti maginito akamasintha mphamvu amabereka volteji m'waya. Mu koyilo volteji yobadwayo imalimbana ndi kusintha kumene kwaibereka. Chotero koyilo ili ngati ngolo yodzaza ndi matumba a chimanga: imavuta kuiyambitsa, ndipo ikayamba kuyenda imavuta kuiimitsa. Ngolo yotere ikamakankhidwira uku ndi uku, kuyenda kwake kumachedwa nthawi zonse poyerekeza ndi kukankhako. Momwemonso karenti ya mu koyilo imatsalira m'mbuyo mwa volteji ndi kota ya ulendo umodzi. Pa magetsi a maulendo 50 pa sekondi, kota imeneyi ndi gawo limodzi mwa magawo 200 a sekondi, kanthawi kosaoneka ndi maso koma kokwanira kusokoneza masamu onse. Ndiponso magetsi akamatembenuka mofulumira, kukana kwa koyilo kumakula.

Chachitatu ndi kapasita. Imapangidwa ndi timapepala tiwiri tachitsulo toyang'anizana, tolekanitsidwa ndi chinthu chosadutsa magetsi. Kholo lake ndi botolo la ku Leiden, ku Holland, limene lidadziwika cha m'ma 1745 ndi 1746. Kapasita imasunga magetsi kwa kanthawi monga mtsuko usungira madzi. Mtsuko ukakhala wopanda kanthu, madzi amalowa mothamanga; msinkhu wa madziwo umafika pamwamba pamene kuthirako kwatha. Mu kapasita namonso karenti iyenera kuyamba yalowa kuti volteji ikwere. Motero karenti imatsogola, volteji n'kumatsatira pambuyo ndi kota ya ulendo. Pa DC kapasita imadzaza n'kutseka njira, koma pa AC imadzaza ndi kukhuthula mosalekeza, ndipo magetsi akamatembenuka mofulumira kukana kwake kumachepa. Pa zonse kapasita ndi yotsutsana ndi koyilo.

Zitatuzi zikalumikizidwa mondondozana, pamabuka chithunzithunzi chimene chimadodometsa wophunzira aliyense. Payerekezedwe kuti resisita ikukana ndi ma ohm 30, koyilo ndi ma ohm 80, kapasita ndi ma ohm 40, ndipo zonse zalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba a mavolti 230. Munthu wozolowera DC adzaphatikiza manambalawo n'kupeza 150. Koma chida choyezera chidzasonyeza karenti ya ma ampere 4.6, kutanthauza kuti kukana konse pamodzi ndi ma ohm 50 okha. Akayeza volteji pa chinthu chilichonse adzapeza mavolti 138 pa resisita, 368 pa koyilo ndi 184 pa kapasita. Koyilo yokha ili ndi volteji yoposa ya pakhoma pamene magetsiwo achokera! Kodi mwana angakule bwanji kuposa amene adamubereka? Akatswiri a masamu ankatha kuyankha funsoli, koma yankho lake linkadzera m'masamu aataliatali a calculus, amene amisiri ambiri a m'mafakitale sankawadziwa. Ambiri ankangopanga makina moyerekeza, akapsa n'kuyambiranso.

Munthu amene adafupikitsa njirayi adabadwa pa 9 April 1865 mumzinda wa Breslau, umene nthawi imeneyo udali m'dziko la Prussia koma lero uli ku Poland ndipo umatchedwa Wrocław. Dzina lake lobadwa nalo lidali Karl August Rudolph Steinmetz. Adabadwa ndi msana wopindika, wa linunda, monga adaliri bambo ake ndi agogo ake aamuna, ndipo ngakhale atakula msinkhu wake sudafike mita imodzi ndi theka. Mayi ake adamwalira iye akali khanda. Kusukulu adaonetsa nzeru zachilendo pa masamu ndi sayansi, ndipo mu 1883 adalowa yunivesite ya Breslau. Kumeneko ophunzira anzake adamupatsa dzina loti Proteus, potengera nkhalamba ya m'nthano za Agiriki yodziwa zinsinsi zambiri. Dzinali adalikonda, ndipo pambuyo pake adalisandutsa lakelake.

Ali pa yunivesitepo adalowa gulu la achinyamata okhulupirira sosholizimu, pa nthawi imene boma la Otto von Bismarck lidaletsa magulu otere ndi lamulo la mu 1878. Mu 1888, atatsala pang'ono kulandira digiri yaudokotala, apolisi adayamba kumulondalonda chifukwa cha zolemba zake m'nyuzipepala ya gululo. Adathawira ku Zurich, ku Switzerland, kusiya digiri imene adaikhetsera thukuta. Chaka chotsatira adakwera sitima ya pamadzi kupita ku America limodzi ndi mnzake Oscar Asmussen, amene adamulipirira ulendowo.

Atafika ku New York mu 1889, akuluakulu oona za olowa m'dziko adaona munthu wamfupi, wolumala, wopanda ndalama, wosalankhula Chingerezi, ndipo adaganiza kuti ameneyu adzangokhala mtolo wa boma. Adafuna kumubweza. Asmussen ndiye adamulankhulira, natsimikizira akuluakuluwo kuti mnzakeyo adali wophunzira kwambiri ndiponso kuti sadzasowa chomusamalira. Pamenepo adamulola kulowa. Akuluakulu aja sadadziwe kuti adatsala pang'ono kukankhira kunyanja munthu amene mafakitale a dziko lawo ankamusowa.

Ntchito yake yoyamba adaipeza ku Yonkers, pa fakitale ya Rudolf Eickemeyer, Mjeremani mnzake amene ankapanga makina osokera zipewa komanso mamota amagetsi. Kumeneko adayamba kufufuza chifukwa chimene chitsulo cha m'kati mwa mota chimatenthera. Chitsulo chikasandutsidwa maginito, kenaka n'kutembenuzidwa mbali, chimachita mphwayi, ndipo mphwayi imeneyi, yotchedwa hysteresis, imadya mphamvu. Mu 1892 Steinmetz adafotokozera bungwe la American Institute of Electrical Engineers lamulo lowerengera mphamvu yotayikayo makina asanapangidwe. Adali ndi zaka zosakwana 30, koma dzina lake lidamveka paliponse pamene pankapangidwa makina amagetsi. Mu 1893 kampani ya General Electric, imene idabadwa chaka chapitacho pophatikiza kampani ya Edison ndi ya Thomson-Houston, idagula fakitale ya Eickemeyer, ndipo Steinmetz adakhala wantchito wake. Mu 1894 adasamukira ku Schenectady, kumene adakhala moyo wake wonse.

Chaka cha 1893 chomwecho, mzinda wa Chicago udachititsa chionetsero chachikulu cha dziko lonse, chimene Westinghouse adachiwalitsa ndi magetsi a AC. Pa msonkhano wa akatswiri a magetsi umene udachitikira komweko, Steinmetz adawerenga nkhani yofotokoza njira yake yowerengera. Sadali yekha pa njirayi. Oliver Heaviside wa ku England adali atapeka kale mu 1886 liwu loti impedance, lotanthauza kukana konse kwa njira ya AC, ndipo Arthur Kennelly adali atalemba za masamu ofananawo miyezi ingapo m'mbuyomo. Koma Steinmetz ndiye adaiyala njirayi mwatsatanetsatane, naisandutsa chida cha tsiku ndi tsiku cha mmisiri wamba.

Mfundo yake ingathe kumveka motere. Munthu akayenda mapazi 30 kulowera kum'mawa, kenaka mapazi 80 kumpoto, kenaka mapazi 40 kumwera, wayenda mapazi 150, koma sali pa mtunda wa mapazi 150 kuchokera pamene adayambira. Ulendo wa kumwera wafafaniza theka la ulendo wa kumpoto, kotero kuti watsala ndi 30 kum'mawa ndi 40 kumpoto. Mtunda wachidule kuchokera poyambira umapezeka ndi lamulo la Pythagoras: 30 kuchulukitsa ndi 30 ndi 900, 40 kuchulukitsa ndi 40 ndi 1,600, pamodzi ndi 2,500, ndipo nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imabala 2,500 ndi 50. Ameneyu ndiye 50 uja amene chida choyezera chidasonyeza. Resisita imaloza kum'mawa, koyilo kumpoto, kapasita kumwera, chifukwa kutsalira kapena kutsogola ndi kota ya ulendo n'chimodzimodzi kukhota ndi madigiri 90. Mavolti aja nawonso amatsata njira yomweyo: 368 kuchotsa 184 kutsala 184, ndipo 138 wa kum'mawa ndi 184 wa kumpoto amabala 230 ndendende. Mwana uja sadapose kholo lake. Volteji ya koyilo ndi ya kapasita zimafika pachimake pa nthawi zosiyana, ina ikamakankha inzake ikukoka, monga amayi awiri osinja mumtondo umodzi, amene munsi wa wina umatsika pamene wa mnzake ukukwera.

Kujambula mivi pa pepala n'kotheka pamene zinthu zili zitatu, koma pamene zili makumi angapo munthu amasochera. Apa ndi pamene Steinmetz adagwiritsa ntchito nambala imene kwa zaka mazana ambiri inkatchedwa yongoganizira, nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imabala -1. Akatswiri a masamu amailemba ndi chilembo i, koma a zamagetsi amailemba ndi j chifukwa i ndi chizindikiro cha karenti. Kuchulukitsa ndi j kumatanthauza kukhota ndi madigiri 90. Munthu woyang'ana kum'mawa akakhota kamodzi wayang'ana kumpoto; akakhotanso wayang'ana kumadzulo, kumene kuli kusemphana ndi poyamba. N'chifukwa chake j kuchulukitsa ndi j ndi -1. Tsono kukana kwa zinthu zitatu zija kumangolembedwa kuti 30 + j40, ndipo lamulo lakale la Ohm limagwiranso ntchito monga kale. Masamu amene ankadzaza masamba ambiri adasanduka kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Mu 1897 Steinmetz, mothandizidwa ndi Ernst Berg, adatulutsa buku lotchedwa Theory and Calculation of Alternating Current Phenomena, limene lidaphunzitsa amisiri a mibadwo ingapo.

Phindu la nzeru imeneyi limaoneka ngakhale pachigayo cha pamsika. Koyilo ndi kapasita zabwino sizidya mphamvu. Zimangoibwereka pa kota imodzi ya ulendo n'kuibweza pa kota yotsatira. Pa chitsanzo chija, mavolti 230 kuchulukitsa ndi ma ampere 4.6 kumabala 1,058, koma mphamvu imene ikugwiradi ntchito mu resisita ndi mawati pafupifupi 635, ndiye kuti magawo 6 mwa 10. Nambala imeneyi, 0.6, amisiri amaitcha power factor. Mota ya chigayo ndi yodzaza ndi makoyilo, motero imakoka karenti yoposa imene ikufanana ndi ntchito yake. Karenti yongopita ndi kubwererayo sigaya ngakhale njere imodzi ya chimanga, komabe imatenthetsa mawaya ndi kulemetsa thiransifoma ya m'deralo. Mankhwala ake ndi kulumikiza makapasita pafupi ndi motayo, kuti kubwerekanako kuzichitika pakati pa koyilo ndi kapasita pomwepo, osavutitsa mawaya ochokera kutali. Mafakitale akuluakulu amachita zimenezi pofuna kuchepetsa mabilu awo. Nayo fani ya padenga ili ndi kapasita yaing'ono imene imatsogozetsa karenti mu koyilo imodzi, kuti maginito azioneka ngati akuzungulira. Kapasitayo ikafa, fani imangolira osazungulira, mpaka wina aikankhe ndi dzanja.

Chodabwitsa kwambiri chimachitika pamene kukana kwa koyilo ndi kwa kapasita kwafanana. Popeza kwina kumakula pamene kwina kukuchepa, pali liwiro limodzi la kutembenuka kwa magetsi limene ziwirizi zimalingana ndendende n'kufafanizana. Pamenepo imatsala resisita yokha, ndipo karenti imafika pachimake. Pa chitsanzo chija, kapasita ikadakhala ya ma ohm 80, kukana konse kukadatsika kufika pa 30, karenti n'kukwera kufika pafupifupi ma ampere 7.7. Akuluakulu adati katungwe n'kukankhana, ndipo aliyense amene adasewerapo katungwe amadziwa kuti kukankha pang'ono pa nthawi yoyenera kumamuulutsa mwana m'mwamba, pamene kukankha kwamphamvu pa nthawi yolakwika kumangomugwedeza. Khalidwe limeneli limatchedwa resonance, ndipo ndilo limathandiza wailesi kusankha siteshoni. Mlongoti wa wailesi umatola mafunde a masiteshoni ambiri nthawi imodzi. Pa mawailesi akale, munthu akamapotokola kabatani kosakira siteshoni amakhala akusuntha timapepala ta kapasita, mpaka kapasitayo ndi koyilo zitagwirizana ndi liwiro la siteshoni imodzi. Siteshoni imeneyo imamveka, zinazo n'kukhala chete. Komabe resonance yomweyo ikabuka mwangozi m'mawaya a magetsi amphamvu imatha kubereka volteji yoopsa n'kuwononga zida, n'chifukwa chake mmisiri ayenera kuiwerengera asanamange.

Steinmetz sadasunge nzeru zake m'thumba. Kuyambira mu 1902 adaphunzitsa pa Union College ku Schenectady, ndipo adakhalapo mtsogoleri wa bungwe lija la akatswiri a magetsi mu 1901 ndi 1902. Zinthu zimene adazitulukira n'kuzilembetsa m'dzina lake zidaposa 200. Mu 1922 adapanga makina otulutsa mphenzi yochita kupanga, pofuna kuphunzira njira zotetezera mawaya ku ziphaliwali. Maganizo amene adamuthawitsa kwawo sadawataye: atasankhidwa kutsogolera bungwe loyang'anira sukulu za mumzinda wake mu 1912, adalimbikitsa kuti ana azilandira chakudya kusukulu ndi mabuku aulere, ndiponso kuti ana a anthu obwera kuchokera kunja akhale ndi makalasi owathandiza. Sadakwatire, poopa kupatsira ana chilema cha m'banja mwawo, koma adatenga Joseph Hayden, mnyamata amene ankamuthandiza ntchito, kukhala mwana wake mwalamulo, ndipo ana atatu a Hayden adakula akumutcha agogo. Adamwalira pa 26 October 1923 ali ndi zaka 58.

Lero mawaya a mavolti 66,000 ndi 132,000 amene amadutsa m'mapiri ndi m'zigwa za Malawi, pamodzi ndi thiransifoma iliyonse yopachikidwa pamtengo, adawerengeredwa ndi masamu a chilembo j. Wophunzira amene wakumana ndi chilembochi m'buku la sayansi n'kuchiona ngati chopanda mutu, akumbukire kuti nambala imene inkatchedwa yongoganizira ndiyo imayendetsa zigayo ndi makina a m'zipatala. Akumbukirenso kuti amene adaipezera ntchito imeneyi adali mlendo wolumala amene oyang'anira doko adamuyeza ndi maso n'kumupeza woperewera. Nzeru zilibe msinkhu, ndipo mtundu umene umayeza ana ake ndi maonekedwe umataya chuma chimene sudzadziwa n'komwe kuti udali nacho.